Sefa ya 63 µm: yotopetsa, koma ndi yokhayo yosataya mboni za madzi osowa mpweya

Pa sinki ya labotale yofufuza zigoba zakale za pansi pa nyanja pamakhala sefa zitatu zofanana ngati ana a mimba imodzi: mkombero wa chitsulo chosachita dzimbiri, pakamwa pa mamilimita 200, ukonde wa waya wolukana kunsi, ndi kachitsulo ka m'mbali kolembapo nambala. Ina ndi ya 63 µm, ina ya 125 µm, ina ya 150 µm. Pa muyezo wa ku America wa ASTM E11 zomwezi zimatchedwa No. 230, No. 120 ndi No. 100, pamene maiko ambiri amatsata ISO 3310-1. Makampani monga Endecotts, Retsch ndi W.S. Tyler amapanga zonse zitatu, ndipo bola sefayo ikhale yotsata muyezo, dzina la kampani silidzakusowetsani tulo. Nkhani yagona pa nambala. Ngati ndalama ikukwanira sefa imodzi yokha, ndipo matope anu anachokera kumene madzi a pansi anali ndi okosijeni wochepa, gulani ya 63. Ndi yodula kuposa zinzakezo, sichedwa kuwonongeka, ndipo ntchito imaitalikitsa. Gulanibe.

Chizindikiro cha µm ndi maikironi, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Nambala ya 63 sanangoitola panjira: akatswiri a nthaka ndi miyala amati apa m'pamene mchenga umathera, chilichonse chochepera pamenepo n'kukhala fumbi kapena dongo. Waya wa sefa imeneyi ndi wa maikironi pafupifupi 45, wowonda kuposa tsitsi la anthu ambiri. Si sefa ya ufa yoti muziimenya mmene mungafunire. Ndipo wosefa ufa amasunga zogwa pansi, pamene kuno zogwa pansi zimapita ndi madzi, chuma n'chimene chatsala pamwamba.

Chotsala pamwambacho ndi tizigoba ta foraminifera, amene ogwira ntchitoyi amangowadula dzina kuti forams, ife tizingoti maforamu. Ndi tizamoyo ta selo limodzi ta m'nyanja zamchere. Dzinali linachokera kwa Alcide d'Orbigny mu 1826, ndipo limanena za timabowo tolumikiza tizipinda ta m'kachigoba. Ena amayandama m'madzi a pamwamba. Amene tikunena pano ndi okhala pansi, ena pamwamba penipeni pa matope, ena odzikwirira mkati mpaka masentimita angapo. Ambiri amamanga kachigoba ka calcite, mwala wa laimu wosungunuka ndi asidi, ena amamata timchenga. Selo likafa kachigobako kamatsala m'matope zaka mamiliyoni, ndipo mitundu imene mwaipeza mu sampulo ndi imene imakuuzani mmene madzi a pansi analili nthawi imeneyo.

Tsono kumene okosijeni amachepa kwambiri, monga m'mphepete mwa Peru ndi Chile, ku California, ku Arabian Sea ndi ku Namibia, n'kumenenso chakudya chimagwa chambiri kuchokera pamwamba. Ndere zosaoneka ndi maso zimaswana m'madzi a pamwamba, zikafa zimamira, ndipo kuwola kwake n'kumene kumamaliza mpweya. Nyongolotsi, nkhono ndi nkhanu, zimene zimavundula matope ndi kudya maforamu, zimathawa kapena kufa. Otsala ndi maforamu a mitundu yochepa koma ochuluka zedi, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono, a zigoba zopyapyala, zosongoka kapena zophwatalala, zodzaza timabowo: Bolivina, Bulimina, Buliminella, Fursenkoina, Stainforthia, Nonionella, Epistominella. Okonda madzi a mpweya wokwanira, monga Cibicidoides, Pyrgo ndi Quinqueloculina, amakhala ojintcha, a zigoba zochindikala.

Chimene ogula ambiri sachiganizira n'choti sefa siyeza kutalika kwa chinthu, imayeza kunenepa. Bolivina wautali maikironi 300 koma wa m'lifupi 110 amangoloza mutu pansi n'kudutsa pa bowo la 125 bwinobwino. Komanso bowo la ukonde ndi la makona anayi, ndiye kuchokera kona ina kufika kona yopingasana nayo pali malo aakulupo: pa sefa ya 125 pamakwana maikironi 177, pa ya 150 pamakwana 212. Kachigoba kophwatalala ngati tsamba kamapendekera n'kudutsira pamenepo. Cibicidoides wamkulu msinkhu, wooneka ngati batani la malaya, sangachite zimenezi. Motero sefa ya mabowo aakulu sitaya tizigoba mwachisawawa ayi. Imasankha, ndipo zimene imataya ndi mboni zenizeni za kuchepa kwa mpweya. Pa sefa ya 63 malo opingasawo ndi maikironi 89 okha.

Onani mmene zimasokonezera masamu. Mu 1994 Kunio Kaiho wa ku Japan anakonza njira yoyerekezera okosijeni wa pansi pa nyanja powerenga maforamu. Madzi a mpweya wokwanira anati ndi opitirira mamililita 1.5 pa lita, apakati ndi a 0.3 mpaka 1.5, osowa mpweya ndi a 0.1 mpaka 0.3. Mukapeza okonda mpweya mu sampulo, mumagawa chiwerengero chawo ndi chiwerengero cha iwo pamodzi ndi opirira kusowa mpweya, n'kuchulukitsa ndi 100. Tingoyerekeza sampulo ya okonda mpweya 30 ndi opirira 270, ndipo mwa 270 amenewo 240 ndi owonda moti adutsa pa sefa ya 150. Wosefa ndi 63 apeza 10. Wosefa ndi 150 apeza 50. Pa sikelo ya Kaiho, 10 ali pafupi ndi malire a mamililita 1.5, pamene 50 akuimira mamililita 3 pa lita. Matope amodzimodzi, maikulosikopu imodzimodzi, koma malipoti awiri onena za nyanja ziwiri zosiyana. Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1987 Claudia Schröder, David Scott ndi Franco Medioli anasonyeza kale kuti sefa za mabowo aakulu zimatha kutaya mitundu imene ndiyo yochuluka mu sampulo.

Tizigoba timeneti n'toyenera kutivutikira chifukwa eni ake amachita zinthu zimene kale ankati n'za mabakiteriya. Mu 2006 Nils Risgaard-Petersen wa ku Aarhus ndi anzake anasonyeza kuti Globobulimina wa mu Gullmar Fjord ku Sweden amasonkhanitsa nitrate, mchere wa naitirojeni ndi okosijeni, m'selo mwake, ndipo okosijeni akatha amapumira nitrate ameneyo n'kutulutsa mpweya wa naitirojeni. Nkhokwe yakeyo imatha kumusunga kupitirira mwezi. Zomwezo anazipezanso mwa Nonionella ndi Stainforthia a ku Chile. Ku Peru, Nicolaas Glock ndi anzake anaona kuti maforamu ena amakonda kupumira nitrate kuposa okosijeni weniweniyo, ndiponso kuti Bolivina spissa amakhala ndi timabowo tochuluka pa chigoba kumene nitrate ndi okosijeni zili zochepa. Mwa mitundu ina ma mitochondria, amene ndiwo popumira pa selo, amaunjikana kunsi kwenikweni kwa timabowoto. Nonionella stella wa mu Santa Barbara Basin ku California, kuya kwa mamita pafupifupi 590 kumene dzuwa silifika, amaba ma chloroplast, tizigawo togwira kuwala kwa dzuwa, a ndere zazing'ono zotchedwa diatom n'kuwasunga m'selo mwake, nkhani imene Joan Bernhard wa ku Woods Hole wathera nayo zaka zambiri. Virgulinella fragilis amakhala m'matope a hydrogen sulfide, onunkha ngati mazira owola, ku gombe la Namibia ndi ku Cariaco Basin ku Venezuela, ali ndi mabakiteriya m'kati mwake.

Nitrate, ma chloroplast ndi mabakiteriya zimatha selo likafa. Chotsala ndi kachigoba basi: maonekedwe ake, kupyapyala kwake, timabowo take. Kungokagwira pa sefa sikokwanira, kayenera kutuluka kosasweka ndiponso kosadyeka. Globobulimina ndi Chilostomella ndi aakulu ndithu, sefa ya 150 imawagwira, koma zigoba zawo n'zopyapyala ngati khungu la anyezi, moti madzi a pampopi otsegula kwambiri amaziphwanya n'kusiya tizidutswa tosawerengeka.

Kasefedwe kake n'kotere. Tengani matope okwana 10 mpaka 20 cm³, pafupifupi supuni yaikulu imodzi. Nkhokwe za ma core, mitanda ya matope yokumbidwa ndi paipi pansi pa nyanja, za ku Bremen (Germany), College Station (America) ndi Kochi (Japan) kawirikawiri zimapereka masampulo a msinkhu umenewu. Umitsani mu uvuni pa 40 mpaka 50 °C mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, kenako yezani ndi kulemba. Popanda nambala imeneyi simudzatha kunena kuti munali tizigoba tingati pa galamu imodzi. Musapyoze 50 °C, poti dongo limauma gwaa ngati njerwa n'kukana kusungunuka. Nyikani m'madzi othira sodium hexametaphosphate, amene ambiri amangoti Calgon, magalamu 5 pa lita, kwa usiku umodzi. Kusiya sabata yonse n'kulakwitsa: mankhwalawa amayamba kudya calcite, ndipo oyamba kudyedwa ndi opyapyala aja. Madzi a distilled nawo akakhala poyera amamwa carbon dioxide n'kukhala ndi kaasidi pang'ono. Dontheziranimo ammonia uku mukuyeza ndi kapepala ka pH mpaka ifike pa 8 kapena 9.

Musanathire kanthu, nyowetsani ukonde mbali zonse ziwiri. Pa sefa youma ya mabowo ang'ono chonchi madzi amangodikha pamwamba ngati pa pepala la pulasitiki. Thirani matope pang'onopang'ono, mwina magawo atatu, sefa itapendekera, madzi akugwa kuchokera ku kampopi kowaza ngati mvula ya mawawa. Madzi akayamba kukwera m'malo motsika ndiye kuti dongo latseka mabowo. Lekani kuthira, gogodani mkombero ndi chikhatho, kapena wazani madzi kuchokera kunsi. Apa m'pamene munthu wotopa amalowetsa chala n'kuyamba kutikita. Chala chimawononga pawiri: chimaphwanya zigoba, ndipo chimatanula waya, bowo la 63 n'kukula popanda wodziwa. Chibuluma chikakanika chibwezereni m'kapu chinyikidwenso usiku wina. Ikani beseni loyera kunsi kwa sefa, ndipo madzi otuluka akamaoneka mbee ndiye mwamaliza. Kokololani zotsala ndi botolo lofinya kupita pa pepala losefera, umitsaninso pa kutentha komwe kuja, yezani. Pamenepo m'pamene sefa ya 125 ndi ya 150 zimalowa, posefa zouma, kugawa zotsalazo m'magulu. Gulu lililonse m'kabotolo kake, palibe chotaya.

Miyala yakuda ya shale, yopangidwa ndi matope olimba, ngati ya zaka pafupifupi 94 miliyoni zapitazo pamene mbali zazikulu za nyanja zinasowa mpweya, sisungunuka ndi Calgon yekha. Njira yakale ya parafini imagwirabe ntchito: phwanyani mwalawo tizidutswa tonga mtedza, umitsani, nyikani m'parafini maola angapo, pungulani parafiniyo, thirani madzi otentha. Madzi amalowa m'ming'alu kukankha parafini, mwala n'kufumbutuka. Chitirani pamalo opita mphepo, kutali ndi moto. Ambiri amathamangira hydrogen peroxide poti ndi yachangu, koma pa matope osowa mpweya ndi yoopsa. Matope otere amakhala ndi pyrite wambiri, mwala wa chitsulo ndi sulufule, nthawi zina atadzaza m'tizipinda ta zigoba momwemo, n'kumanyezimira ngati golide pa maikulosikopu. Peroxide ikakumana ndi pyrite pamatuluka kutentha, thovu ndi asidi wa sulfuric. Zigoba zina zimaphulika kuchokera mkati, zina zimadyeka, timabowo n'kukula, ndipo amene amafuna kuwerenga timabowo watayiratu ntchito yake asanayambe. Ngati palibe kuchitira mwina, isapitirire 3 peresenti, ikhale yozizira, kwa mphindi zochepa, inu mutaima pomwepo.

Chofooka chachikulu cha sefa ya 63 ndi kusunga alendo. Tizigoba tosongoka timakakamira m'mabowo ndi m'mphepete momwe ukonde ukumana ndi mkombero, n'kudzatuluka mu sampulo yotsatira. Bolivina mmodzi wa m'matope a dzana kupezeka m'mwala wa zaka 50 miliyoni n'kokwanira kusokoneza lipoti lonse. Mankhwala ake ndi otchipa. Mukatsuka sefa, iviikeni m'beseni la utoto wa methylene blue, tsukuluzani, kenako sefani sampulo ina. Kachigoba kalikonse kotsalira kamatenga mtundu wa buluu, ndipo mukakaona pa maikulosikopu mumangokaika pambali osakawerenga. Potsuka, tembenuzani sefa n'kuwaza madzi kuchokera kunsi, ndipo ikatsekeka kwambiri iikeni yopanda kanthu mu ultrasonic bath, beseni lotsuka ndi kunjenjemera kwa madzi, mphindi zochepa. Singano, burashi ya waya ndi sitiliwulu zisayandikire.

Pogula, yambani kuyang'ana m'mphepete momwemo. Sefa yabwino ili ndi msoko wosalala wotsekedwa, wopanda kampata kolowa chikhadabo. Zilipo sefa za ukonde wowonda zokhala ndi ukonde wina wokhakhala kunsi wochirikiza. Zimakhalitsa, ndipo kwa oyeza simenti kapena mchenga n'zabwino, koma pakati pa maukonde awiriwo ndi pobisalira tizigoba pomwe simungatsukepo, ndiye kwa maforamu tengani ya ukonde umodzi. Yakuya mamilimita 50 ndi yabwino kuposa ya 25, poti madzi akadikha sasefukira msanga n'kupita ndi sampulo yanu m'sinki. Za mkombero wa brass zimada ndi madzi ndi mankhwala, ndipo amene adzayeze zitsulo monga manganese m'zigoba ndi bwino asankhe ya chitsulo chosachita dzimbiri kapena ya nayiloni. Ilipo ya pakamwa pa mamilimita 100, yomwe ukonde wake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a ukonde wa ya 200. Pa sampulo ya kasupuni ka tiyi imathandiza, poti m'mphepete motsuka ndi mochepa, koma supuni yaikulu ya dongo imaitseka nthawi yomweyo. Za satifiketi, muyezo wa ASTM uli ndi magawo atatu, compliance, inspection ndi calibration. Ya calibration ndi yodula ndipo pa ntchito ino n'kutaya ndalama. Ya compliance ikukwana, yotsalayo mugulire sefa yachiwiri ya 63 izikhala m'bokosi.

Tisabise, gawo la pakati pa 63 ndi 125 ndi lotopetsa. Pa thireyi yakuda yotolera limaoneka ngati fumbi la shuga, losakanikirana ndi timchenga, ma diatom, tizigoba ta tizamoyo tina totchedwa radiolaria ndi tizibuluma ta ndowe za nyongolotsi. Pamafunika maikulosikopu ya maso awiri yokuza ka 60 kapena 80, nyali yowalira chammbali, ndi burashi ya nambala 000 yonyowetsa kunsonga. Kachigoba ka maikironi 70 mukakapumira kamauluka, osakaonanso. Ana a mitundu yosiyana amafanana kwambiri, moti Bolivina wamng'ono kawirikawiri mumangomulemba dzina la gulu osafika pa mtundu, ndipo anthu awiri owerenga sampulo imodzi amasiyana kwambiri m'gawo limeneli kuposa m'magawo aakulu. Gawani ndi microsplitter, kachipangizo kogawa sampulo pawiri mofanana, mpaka mutsale ndi kagawo ka tizigoba pafupifupi 300, ndipo kagawoko mutole konse, osasankha tokongola tokha. Pa 300, mtundu umene uli 1 peresenti ya zonse muli ndi mwayi wa 95 pa 100 woupeza, ndipo umene mwaupeza 10 peresenti ukhoza kusiyana ndi zenizeni ndi 3.4 peresenti mbali iliyonse.

Chifukwa cha kutopetsaku, gulu la akatswiri lotchedwa FOBIMO mu 2012, pokonza ndondomeko yoyezera kuwonongeka kwa nyanja pogwiritsa ntchito maforamu amoyo, linagwirizana zowerenga opitirira 125, n'kusiya mpata woti m'malo ena gawo laling'onolo liwerengedwenso. Koma ngakhale iwo, kutsuka amatsukira pa 63. Chimene mwasunga m'kabotolo mukhoza kudzachiwerenga chaka chamawa, chimene chapita m'sinki chapita.

Ya 150 ili ndi malo ake, sitikuinyoza. Njira ina yoyezera okosijeni wakale sidalira kuwerenga mitundu. Cibicidoides wuellerstorfi amakhala pamwamba pa matope, pamene Globobulimina affinis amakhala mkati, pomwe okosijeni amathera. Kusiyana kwa carbon-13, mtundu wolemererapo wa carbon, m'zigoba za awiriwa kumakula madzi a pansi akakhala ndi mpweya wambiri, ndipo Babette Hoogakker ndi anzake anakonza sikelo yake mu 2015. Pa ntchito yotere mumafuna zigoba zazikulu, zoyera, zosasweka, ndipo kusefa zouma pa 150 kapena 250 kumakupulumutsani maola ambiri ofunafuna. Komanso amene akufuna kufananitsa zotsatira zake ndi ntchito yakale yowerengedwa pa 150 ayenera kuwerenga gawo lomwelo. Ndipo kumene kusintha kunali kwakukulu, ngati mu core imene inakumbidwa mu 1992 pa Site 893 mu Santa Barbara Basin, momwe matope a mizeremizere a nyengo zofunda, odzaza Bolivina tumida ndi Nonionella stella, amasinthana ndi matope ovundulidwa a nyengo zozizira, sefa iliyonse idzakuonetsani kanthu. Chofunika n'kulemba nambala ya sefa pa kabotolo kalikonse ndi pa tebulo lililonse la zotsatira. Peresenti yopanda nambala ya sefa palibe angaigwiritse ntchito.

Lilipo vuto limene sefa, ingakhale ya 63, silingalithetse. Kuchepa msinkhu ndi kudzikwirira m'matope si umboni wa mpweya wokha. Frans Jorissen ndi anzake anafotokoza mu 1995 kuti kuya kumene maforamu amakhala m'matope kumalamulidwa ndi chakudya ndi okosijeni pamodzi, moti Uvigerina kapena Bulimina wochuluka akhoza kungotanthauza kuti chakudya chinagwa chambiri. Zaka 56 miliyoni zapitazo, dziko litatentha mwadzidzidzi, mitundu ya pakati pa 30 ndi 50 peresenti ya maforamu a pansi pa nyanja zakuya inatha, kuphatikizapo Gavelinella beccariiformis. Opulumuka, monga Nuttallides truempyi, amapezeka ang'onoang'ono ndi opyapyala, ndipo Ellen Thomas, amene wafufuza kwambiri nthawi imeneyi, amawerenga kuyambira pa 63. Koma ma core a ku Walvis Ridge, kumadzulo kwa Namibia, okumbidwa mu 2003, amaonetsa dongo lofiirira pamalo pomwe calcite anasungunuka chifukwa madzi anachuluka asidi. Pamenepo kuchepa kwa zigoba kukhoza kuchokera ku asidi, ku kutentha, ku chakudya kapena ku mpweya. Yezani kulemera kwa zotsala pa sefa poyerekeza ndi matope ouma aja, werenganinso zidutswa poyerekeza ndi zigoba zathunthu. Zidutswa zikachuluka ndipo zigoba zikuoneka mbuu ngati choko, yambani mwakayikira kusungunuka musanalembe za okosijeni.

Wina angafunse za Nyanja ya Malawi, yomwe madzi ake akuya kupitirira mamita 250 alibe okosijeni chaka chonse. Sefa yomweyi imagwira ntchito pa matope ake, koma idzakupatsani zigoba za ostracod (tizilombo ta m'gulu la nkhanu), timakala ndi timafupa ta nsomba, osati maforamu a calcite, poti amenewa ndi a madzi amchere. Apafupi ali m'ma core amene sitima ya JOIDES Resolution inakumba mu 2016 pafupi ndi pamene Zambezi amathira m'nyanja, ndiponso m'dongo la ku Kilwa ndi Lindi ku Tanzania, lodziwika ndi zigoba zosungika bwino zowala ngati galasi.

Sefa ya 63 yogwira ntchito tsiku ndi tsiku muziiyendera mwezi uliwonse. Ikwezeni moyang'ana zenera: malo owala kuposa anzake m'pamene waya watanuka, ndipo ukonde ukayamba kulendewera pakati ngati thumba ndiye wafika kumapeto. Iikeni pansi pa maikulosikopu muzungulire m'mphepete monse, poti kung'ambika kumayambira mmenemo, kang'onong'ono ngati nsonga ya singano. Osamata ndi guluu n'kupitiriza kuwerengera. Ilembeni X ndi penti m'mbali, ikhale yophunzitsira ongoyamba kumene kutsuka, yatsopano ija ituluke m'bokosi.